Ndithandizeni sewero la Amaritiri a ku Uganda

Abale ndi alongo mwa Ambuye ndikupempha nzeru zanu. Achinyamata a kutchalitchi kwathu tikukonza sewero la pa 3 June ndiye andipatsa ine kuti ndilembe. Nkhaniyo ndimaidziwa, Charles Lwanga ndi anzake ankatumikira kunyumba ya mfumu Mwanga, atakana kusiya chikhristu anawamanga nkuwayendetsa wapansi mpaka ku Namugongo komwe anawakulunga m'mphasa za bango nkuwatentha mu 1886, ndipo Kizito anali ndi zaka 14 zokha, msinkhu wa ana athu a fomu 1 omwewa.

Pamene ndavutika ndi pamotopo. Kumabwera ana aang'ono ambiri, sindikufuna akalote zoopsa usiku koma kubisanso ayi, chifukwa kulimba mtima kwa anyamatawa kukuonekera pomwepo. Amene munapangapo munaonetsa bwanji? Nsalu zofiira zingakwane?

Chinanso mtsikana wina pa pulakatisi anafunsa kuti bwanji sanangonama kuti asiya kupemphera nkumapemphera mobisa. Ndinasowa chonena, ndipo funso limeneli ndikufuna lilowe m'seweromo. Akatekisiti muli muno mungamuyankhe chani mwanayu?