Kodi Senate imene inachotsedwa mu 2001 ikanagwira ntchito yanji?

Namadzi: Ndikupempha akuluakulu odziwa bwino nkhaniyi kuti andiunikire. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 ankanena kuti Nyumba ya Malamulo idzakhala ndi mbali ziwiri, ya aphungu ndi ya Senate, koma Senate inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Popeza tsopano aphungu achuluka kuchoka pa 193 kufika pa 229, kodi pali ntchito imene ikutsalira chifukwa chosowa nyumba yachiwiriyo?

Wakumpoto: Funso lanu ndi lofunika, a Namadzi. Senate ija inayenera kukhala ndi anthu 80: mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ya boma lililonse, mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake m'boma lililonse, ndiponso anthu 32 oimira mabungwe a amayi, anthu olumala, alimi, ogwira ntchito, amalonda ndi azipembedzo. Ntchito yake yaikulu inali kuunikanso bilu iliyonse yochokera kwa aphungu, kuikonza, kapena kuibweza kuti akaionenso. Inalinso ndi mphamvu yovota pa nkhani yochotsa Pulezidenti kapena wachiwiri wake paudindo, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene tinataya kwambiri, chifukwa lero oimba mlandu ndi ogamula ndi anthu amodzimodzi. Ku Kenya mu 2024, aphungu atavota kuti Rigathi Gachagua achoke pa udindo wa wachiwiri kwa Pulezidenti, nkhaniyo inapita ku Senate, imene inamva nkhaniyo kwa masiku awiri isanagamule kuti achokedi.

Mayi wa ku Ntcheu: Ndikumva mfundo zanu, bambo, koma tiyeni tione kumene maseneta athu akanachokera. Mafumu amalandira mswahara kuchokera ku boma, ndipo Pulezidenti ndi amene amawakweza, choncho n'kovuta kuyembekezera kuti mfumu ingabweze bilu imene boma laifuna ndi mtima wonse. Makhansala nawonso sanali maziko olimba, popeza kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino linalibe makhansala osankhidwa, kutanthauza kuti mipando yawo ikanakhala yopanda anthu zaka zonsezo. Tikumbukirenso kuti mu 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya utsogoleri inalephera m'nyumba ya aphungu momwemo, popanda Senate.

Wakumpoto: Zoonadi mayi, biluyo inalephera, koma inaperewera mavoti atatu okha, ndipo nkhani yaikulu chotero siyenera kudalira anthu atatu. Za mafumu ndikugwirizana nanu. Komabe yankho lake ndi kukonza kasankhidwe, monga anachitira ku Zimbabwe, kumene mwa maseneta 80, okwana 60 amalowa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza, 18 ndi mafumu, ndipo awiri amaimira anthu olumala.

Chikonde: Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ndalama, chifukwa seneta aliyense adzafuna malipiro, galimoto ndi mafuta, pamene zipatala zikusowa mankhwala. Ngati Senate ibwerere, ibwerere pamodzi ndi kuchepetsa chiwerengero cha aphungu, ndipo popeza inachotsedwa popanda kufunsa anthu, pa ulendo uno afunsidwe kudzera mu referendamu.