GTX 1060 ikupereka Code 43 mu VM ya Windows pa Proxmox 7.4

Kachipangizo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, lero ndi tsiku lachitatu ndikulimbana ndi makina amodzi. Ndi a ofesi ina yaing'ono yojambula mapulani a nyumba. Mkati muli purosesa ya Ryzen 5 3600, bodi ya B450 ndi graphics card ya GTX 1060 ya 6GB, ndipo Proxmox 7.4, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekezera (ma VM) m'makina amodzi, yakhala pa madisiki awiri a ZFS. VM imodzi imasunga mafayilo a ofesi yonse. Inayo ndi ya Windows 10, ndipo ndikufuna kuipatsa graphics card yonse kuti mnyamata wojambula azigwirira ntchito pomwepo, sikirini ndi kiyibodi zili patebulo pake.

SVM ndi IOMMU, zofunika kuti VM iyende ndi kupatsidwa khadi lenileni, ndinayatsa mu BIOS. VM ili pa q35 ndi OVMF. Ndikalemba `lspci -nnk` ndikuona vfio-pci, driver wopereka khadi kwa VM, pa 07:00.0 ndi 07:00.1, ma ID ake 10de:1c03 ndi 10de:10f1. Nouveau, driver wa Linux wa makhadi a NVIDIA, ndinaitsekera. Koma ndikayatsa VM, sikirini imangokhala ndi timalemba tomwe Proxmox inasiya poyaka, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndikalowa pa Remote Desktop, Device Manager ikuonetsa khadi lili ndi kachizindikiro kachikasu, Code 43, kutanthauza kuti Windows yaliimitsa chifukwa lavuta. Eni ofesi akufuna makinawa Lolemba.

Nyerere07:
Achimwene, Code 43 pa NVIDIA nthawi zambiri ndi driver amene wazindikira kuti ali mu VM. Bisani hypervisor (pulogalamu yoyendetsa VM), ikani `hidden=1` pa cpu. Zikakanika onjezerani `pcie_acs_override=downstream,multifunction`, kapena sunthirani khadi pa slot yam'munsi.

Gogo Linux:
A Nyerere07, malangizo obisa hypervisor anali oona kale. Kuyambira driver 465.89 wa mu Malichi 2021, NVIDIA inalola yokha kuti makhadi a GeForce azigwira mu VM ya Windows. A Kachipangizo, driver wanu ndi nambala yanji?

Za slot yam'munsi, chonde musayese pa makina osunga mafayilo a anthu. Pa B450 slot yam'mwamba imapita ku purosesa mwachindunji, n'chifukwa chake khadi limakhala pagulu lakelake la IOMMU. Yam'munsi imadutsa mu chipset, ndipo kawirikawiri imagwera gulu limodzi ndi SATA, USB ndi netiweki. Mukapereka khadi kuchokera pamenepo, VM imatengera limodzi madisiki ndi netiweki, seva n'kuuma pomwepo. ACS override nayo siilekanitsa zipangizo, imangouza kernel, mtima wa Linux, kuti izione ngati zolekana. Ngati gulu lanu lili loyera kale, mulibe nayo ntchito.

Kachipangizo:
Driver ndi watsopano, ndinamutsitsa sabata yomwe ino. Gulu nalo ndi loyera, muli khadi ndi zidutswa zake basi. Koma ndaona china. Syslog yatupa moti disiki ya root yatsala pang'ono kudzaza, ndipo mzere ndi umodzi womwewo wobwerezabwereza:

`vfio-pci 0000:07:00.0: BAR 1: can't reserve [mem 0xe0000000-0xefffffff 64bit pref]`

Namawaya:
Eya, matenda ake ndi amenewo. Windows ilibe mlandu. Lembani `cat /proc/iomem` muone pa adiresi yomwe yatchulidwayo. Ndikukhulupirira mupezapo BOOTFB.

Nkhani yake ili motere. Ryzen 5 3600 ilibe graphics yakeyake mkati, ndiye makina akamayaka alibe kwina kolembera koma pa GTX yomweyo. Kernel imatenga kachigawo ka memory ya khadilo kuti izionetsera timalemba ta poyaka tija (ndiyo BOOTFB ija), ndipo siikabweza. Vfio-pci ikabwera kudzatenga BAR 1 yonse, malo a memory ya khadilo, kuti iipereke kwa VM, imapeza pali mwini kale. Khadi limafika mu Windows lili lopereweza, driver amalephera kuliyatsa, n'kupereka 43. Timalemba touma pa sikirini yanu ndi umboni wake: Proxmox ikadali chigwirire khadi.

Malangizo akale amati `video=efifb:off`. Ankagwira ntchito, koma Proxmox 7.2 itabweretsa kernel 5.15 mu 2022 anasiya kuthandiza, chifukwa amene amagwira malowo tsopano ndi simplefb kudzera mu sysfb. Choti muike ndi ichi:

`initcall_blacklist=sysfb_init`

Kachipangizo:
Achemwali, BOOTFB ilipodi, pa 0xe0000000 penipeni. Ndaika mzere mwandipatsawo mu /etc/default/grub, ndalemba `update-grub`, ndayatsanso makina. Palibe chasintha. BOOTFB ikadalipo, Code 43 ikadalipo. Ndabwereza kawiri poganiza kuti ndinalakwitsa chilembo.

Gogo Linux:
Tationetsani zotuluka pa `cat /proc/cmdline`.

Kachipangizo:
`initrd=\EFI\proxmox\5.15.102-1-pve\initrd.img-5.15.102-1-pve root=ZFS=rpool/ROOT/pve-1 boot=zfs`

Zomwe ndinalemba mulibe. Ngakhale `iommu=pt` yomwe ndinaika tsiku loyamba mulibe.

Gogo Linux:
Ndimaganiza choncho nditangoona mwatchula ZFS. Masiku atatu onsewa mwakhala mukulemba m'fayilo yomwe makina anu saiwerenga. Proxmox 7 ikaikidwa pa ZFS ndi UEFI siyaka ndi GRUB, imayaka ndi systemd-boot. Chomwe chimasokeretsa anthu n'chakuti fayilo ya GRUB ilipobe, ndipo `update-grub` imatha bwinobwino osakukalipirani. Chinanso chinakubisirani vutoli ndi purosesa yanu. Pa AMD, IOMMU imayaka yokha ikangoyatsidwa mu BIOS, ndiye magulu anaoneka, vfio-pci inagwira khadi, inu n'kumaona ngati zolemba zanu zalowa. Akanakhala makina a Intel pa kernel yomweyi mukanadziwa tsiku loyamba, chifukwa popanda `intel_iommu=on` VM ikanakana ngakhale kuyaka.

Tsegulani /etc/kernel/cmdline. Muli mzere umodzi, ndipo uyenera kukhalabe umodzi, musadinde Enter pakati. Onjezerani kumapeto kwake kuti ukhale chonchi:

`root=ZFS=rpool/ROOT/pve-1 boot=zfs iommu=pt initcall_blacklist=sysfb_init`

Kenako `proxmox-boot-tool refresh`, n'kuyatsanso. Mukasintha chilichonse cha kernel, muzionanso /proc/cmdline musanayese china. Ine sindikhulupirira fayilo yomwe ndalemba, ndimakhulupirira zomwe kernel yanena kuti yalandira.

Namawaya:
Musanayatsenso, onetsetsani kuti SSH ndi tsamba la pa 8006 zikutseguka kuchokera pa laputopu yanu. Mzerewu ukalowa, sikirini izima ikangodutsa menu ya poyaka ndipo ikhala yakuda mpaka VM itayaka. Musadzidzimuke, ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma dziwani mtengo wake: Proxmox ilibenso poonetsera. Tsiku lina netiweki ikadzavuta, mudzakhala patsogolo pa makina oyaka koma osaona kanthu. Ndinakumana nazo pa ofesi ina magetsi atathima usiku, dzina la khadi la netiweki litasintha, ndipo ndinakhala m'mawa wonse ndikulemba malamulo mumdima ngati wopapasa. Njira yotulukira ilipo: pa menu ya systemd-boot dinani e, fufutani mawu a sysfb aja, makina ayaka ndi sikirini ulendo umodzi umenewo.

Kachipangizo:
Zatheka! /proc/cmdline ikuonetsa zonse, BOOTFB yachoka mu /proc/iomem, ndipo nditayatsa VM chizindikiro cha Proxmox chinatuluka pa sikirini ya patebulo, kenako Windows. Kachikasu kaja kachoka. Ndazima ndi kuyatsa VM kasanu, khadi likubwerera nthawi zonse. Syslog ndaifufuta, disiki yapuma. Zikomo kwambiri a Gogo Linux ndi achemwali a Namawaya. A Nyerere07, `hidden=1` sindinaike n'komwe, ndipo zikuyenda.

Nyerere07:
Ndaphunzirapo. Kwanga ndili ndi RX 580, ndipo VM ikazima khadi silibwereranso mpaka nditazima makina onse. Kodi ndi BOOTFB yomweyi?

Gogo Linux:
Ayi, lanulo ndi vuto la reset la makhadi a AMD a m'badwo wa Polaris, Vega ndi Navi woyamba. Fufuzani module yotchedwa vendor-reset, ndipo tsegulani nkhani yakeyake kuti tisasakanize.

A Kachipangizo, zinthu ziwiri musanapereke makina Lolemba. Proxmox 7 inasiya kulandira zokonza za chitetezo mu Julayi 2024, ndiye kambiranani ndi eni ofesi tsiku lokweza. Pa makernel a 6 vfio-pci imathamangitsa yokha wogwira framebuffer, kachigawo ka memory koonetsera timalemba kaja, choncho mukadzakweza yesani kuchotsa mawu a sysfb, mwina sikirini ya Proxmox idzabwerera. Chachiwiri, ikani Start at boot pa ma VM onse awiri, ya mafayilo iyambe, ndipo mu BIOS sankhani kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera.

Kachipangizo:
Ndachita zonse ziwiri za kuyaka. Ndazimitsa makina, ndazula pulagi pakhoma, ndabwezera, ndipo Windows yafika yokha pa sikirini osakhudza batani. Za kukweza tagwirizana Loweruka la sabata yamawa, ofesi ikatseka masana, ndikayamba ndatenga backup ya ma VM onse awiri pa disiki yakunja.