Bambo akagwidwa ku Joni chifukwa cha mapepala, apabanja ayambire pati?

Nabanda: Abale, tigawane nzeru. Bambo akagwidwa ku Joni chifukwa masiku a m'pasipoti anatha, mayi ndi ana n'kutsala pa lendi, apabanja achite chiyani tsiku loyamba? Nanga thandizo laulere limapezeka kuti?

Achimwene a ku Pretoria: Mayi, choyamba n'kudziwa komwe asungidwa. Kupolisi kupite munthu amene mapepala ake ali bwino, kuopa kuti otsekeredwa angakhale awiri. Akafunse nambala ya m'buku la m'chitokosi, amati SAPS 14, komanso nambala ya CAS ngati atsegulira mlandu. Lembani tsiku ndi ola limene anagwidwa, chifukwa loya aliyense adzayambira pamenepo.

Mu 2017 Constitutional Court inagamula kuti womangidwa pofuna kumubweza kwawo azionekera kukhothi pasanathe maola 48. Angasungidwe masiku 30, ndipo khothi lokha ndi limene lingaonjezere ena osapitirira 90. Akadutsa masiku 120 ali ku Lindela, malo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp kuja, loya angapite ku High Court kukapempha kuti atulutsidwe. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti njira zilipo ziwiri: kungosungidwa podikira kubwezedwa, kapena kuyamba wazengedwa mlandu. Ena amayamba azengedwa mlandu pa gawo 49 la Immigration Act ya 2002, n'kulipira chindapusa kapena kukhala kundende. Kulipirako sikuwapatsa chilolezo chokhala, akatha amaperekedwabe kwa a Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikolo.

Anaphiri: Pa za thandizo: kwa majisitireti, bambowo anene ndi pakamwa pawo kuti akufuna loya wa Legal Aid South Africa ndi womasulira Chichewa. Zonsezi n'zaulere. Asasayine pepala lomwe sanalimve. A Lawyers for Human Rights amatsatira za anthu osungidwa ku Lindela, ndipo ku Cape Town kuli Scalabrini Centre. Ngati pasipoti inatayika, dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg, ndipo perekani chithunzi cha chiphaso cha unzika. Munthu amene sanatsimikizidwe kuti ndi wa dziko liti amachedwa kubwezedwa.

Madobadoba olonjeza pepala la asylum (la othawa kwawo) kapena chidindo cham'mbali apeweni. Pepala labodza limasandutsa nkhani ya masiku kukhala mlandu wachinyengo.

Malume Chisale: Ana musawachotse kusukulu. Khothi la ku Makhanda linagamula mu 2019 kuti mwana sangakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Makalata awo obadwira ndi makadi a sikelo muwajambule pa foni, n'kutumiza kwa mbale wina wodalirika. Ndipo gwirizanani lero lomwe amene angasamale anawo ngati mayinso atagwidwa, pakuti popanda wachibale odziwika amatengedwa ndi a Social Development, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.

Malipiro omwe bwana sanapereke sathera pomwepo. CCMA, ofesi yoweruza mikangano ya pantchito, imamva madandaulo a wantchito ngakhale alibe chilolezo, koma la kuchotsedwa ntchito liperekedwe pasanathe masiku 30.

Amene akuganiza zobwerera okha adziwenso ichi: ukapyola masiku ako ndi ochepera 30, pachipata amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukapyola kuposa 30, zaka zisanu. Apilo imapita ku Home Affairs, yokhala ndi umboni monga kalata ya chipatala.