Chainsaw ya batire ingapirire kutentha kwa kuno ku Chigwa?

Mlimi_wa_Ngabu:
Moni nonse. Ndikufuna kugula chainsaw ya batire yoti izindithandiza pamunda: kusadzira mango ndi nimu, kudula mitengo ya khola la ng'ombe, komanso kuduladula mitengo yogwa ndi mphepo. Ya petulo ndikuiopa, nonse mukudziwa momwe mafuta amavutira. Magetsi a ESCOM kwathu sanafike, ndili ndi sola, inveta ndi batire la 12V 100Ah. M'mashopu a ku Limbe zilipo zamitundumitundu, zina zolembedwa 20V, zina 36V, zina 40V. Ndiyang'ane chiyani? Nanga dzuwa lathuli silipha mabatire?

Makaniko_Nchalo:
Achimwene, musatengeke ndi nambala yaikulu ya pa katoni. Batire lolembedwa 20V Max ndi lomwe lija la 18V, ndipo 40V Max ndi 36V. Amangotchula mphamvu ya pomwe langochoka pa tchaja. Chomwe chimakuuzani kuti mugwira ntchito nthawi yaitali bwanji ndi Wh, kuchuluka kwa moto wosungidwa m'batire. Chulukitsani V ndi Ah zolembedwa pa batirepo: 18V ya 5Ah ndi 90Wh. Makina ngati Makita DUC353 amalowa mabatire awiri a 18V nthawi imodzi, ndiye kuti 36V ndi 180Wh akakhala a 5Ah. Pa ntchito mwatchulazi musatsike pamenepo. Timakina tam'manja ta bar (chitsulo choyendapo tcheni) ya masentimita 10 kapena 15 ndi todulira nthambi za ndimu basi, nsichi ya khola sitingathe.

Bar, chitsulo choyendapo tcheni chija, ikhale ya masentimita 30 kapena 35. Yaitali kuposa apa imangomaliza batire. Injini ikhale ya brushless, chifukwa sitentha msanga ndipo mulibe timakala tokutha. Onaninso kuti pali buleki ya tcheni kutsogolo kwa chogwirira, ndiponso kathanki ka oyilo kopopa kokha.

Musanapereke ndalama funsani wogulitsayo kuti akuonetseni tcheni chapadera ndi batire lapadera la makina omwewo. Akayamba kukanda m'mutu, tulukani. Makina opanda masipeya ndi chitsulo chongosungira kangaude. Mabatire abodza aliponso ambiri: lolembedwa 6Ah koma kupepuka ngati la 2Ah, mtengo wake theka. M'kati mumakhala timabatire tochepa mphamvu, ndipo tcheni chikangoluma mtengo wolimba makina amazima.

Mai_a_Sola_Bangula:
Ndiyankhe za kutentha ndi kutchaja. Batire la lithium, monga la makinawa, limadana ndi kutchajidwa lili lotentha. Likapitirira madigiri 40 kapena 45, tchaja yabwino imakana, imangophethira getsi mpaka lizizire. Ambiri amati tchaja yafa, chonsecho ikuteteza batire. Kuno mu Okutobala ndi Novembala mpweya wokha umafika pamenepo masana, ndiye dulani m'mamawa, ikamakwana 9 koloko mwaweruka. Batire lochoka pa makina lisiyeni pamthunzi theka la ola kenako muziliika pa tchaja. Osalisiya m'galimoto, pa ngolo padzuwa, kapena pamwamba pa khoma pafupi ndi malata. Osalithiranso madzi ati lizizire.

Masamu a sola yanu ndi awa. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200Wh, koma ngati ndi la asidi muyenera kugwiritsa theka lokha, 600Wh, apo ayi silikhalitsa. Kudzaza 180Wh kudzera pa inveta kumadya kuposa 200Wh chifukwa ina imatayika panjira. Ndiye kuti mutchaja kawiri patsiku, kwinako musiyire magetsi a usiku ndi mafoni. Nzeru ndi kutchaja dzuwa lili pa panelo koma tchaja ili m'chipinda chozizirirako. Inveta ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Zotchipa zija zimatenthetsa tchaja, zina zimaiwotcha kumene.

Ntchito ikatha kwa miyezi, sungani mabatire ali ndi moto wa theka, osati odzaza kapena otheratu. Ndipo muwaike pamwamba. Madzi a Freddy mu 2023 analowa m'nyumba zambiri kuno, batire la lithium lomwe lamira siligwiritsidwanso ntchito, limatha kuyaka lokha.

Wamatabwa_Chikwawa:
Zonsezo n'zoona, koma tinene chilungamo, akulu. Ngati mitengo ya kholayo ndi tsanya wouma, wa batireyo mudzamumvera chisoni. Tsanya amabunthitsa tcheni ngati mukudula mwala, mabatire awiri atha musanadzaze ngolo. Pa mango, nimu, masawu ndi bulugamu wa masentimita 20 kapena 25 kukula kwake, ya batire ikukwanirani bwino. Thunthu lalikulu ndi ntchito ya petulo, bola kuitana wa makina tsiku limodzi. Komanso tsanya ndi mtengo wachilengedwe, pitani kaye ku ofesi ya za nkhalango mukamve za chilolezo. Za m'nkhalango zotetezedwa za ku Lengwe ndi ku Matandwe musaziganizire n'komwe.

Chomwe chimapha makina amenewa kuno si dzuwa kwenikweni, ndi mchenga. Mtengo wobwera ndi madzi osefukira kapena wodyedwa ndi chiswe umakhala ndi dothi m'makungwa. Sendani ndi chikwanje pomwe mukufuna kudula, ndipo ikani chipika pansi pake kuti tcheni chisakhudze nthaka. Kukhudza kamodzi kokha, mano atha.

Yang'anani utuchi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapala. Chikayamba kutulutsa fumbi ngati ufa, imani munole. Chobuntha chimatenthetsa injini n'kumaliza batire msanga. Matcheni ambiri a saizi ya 3/8 aang'onowa amanoledwa ndi tupa yozungulira ya mamilimita 4, ena 4.5, zimalembedwa pa katoni. Nolani mopendeketsa madigiri 30, kuchokera m'kati kupita kunja, dzino lililonse katatu kapena kanayi mofanana. Mbali imodzi ikaposa inzake, makina amadula mokhota.

Tcheni muzimanga chili chozizira: chigone pa bar osalendewera kunsi, koma chiziyenda mukachikoka ndi dzanja la golovesi. Mukachimanga chili chotentha, masulaniko poweruka, chifukwa pozizira chimafupika n'kukoka shafiti. Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto ayi ndithu, amatseka kapampu ndipo samata pa tcheni. Poyesa ngati oyilo akutuluka, lozetsani nsonga ya bar pa chitsa n'kuyendetsa pang'ono, pazioneka kamzere.

Makaniko_Nchalo:
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimavulaza anthu. Ya petulo imachenjeza ndi phokoso, iyi imakhala chete ngati yafa, kungokhudza batani yayamba. Pomanga tcheni, ponola, ponyamula, ngakhale popita kukamwa madzi, zulani batire muike m'thumba, makamaka pakhomo pa ana. Osadula ndi nsonga ya kumtunda ya bar, pamenepo ndi pomwe makina amadumphira kumaso. Osadula pamwamba pa phewa, osakwera nayo makwerero. Posadza nthambi ya mango yambani kucheka kunsi pang'ono kenako kumtunda, kuti isang'ambe khungwa pogwa. Valani jombo, magalasi ndi buluku lokhuthala, osati mapatapata.

Mlimi_wa_Ngabu:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Khola ndimangira bulugamu, za tsanya ndazisiya. Inveta yanga ndaiona, palibe pomwe palembedwa pure sine wave, ndiye ndiyamba ndi imeneyo. Funso lotsala: ndigule mabatire anayi nthawi imodzi, kapena awiri kaye?

Mai_a_Sola_Bangula:
Awiri kaye, bambo. Ndalama ya enawo mugulire tcheni chachiwiri, tupa ziwiri ndi lita ya oyilo wa tcheni. Sola yanuyo anayi ingavutike kuwadyetsa tsiku lililonse.