Za mutu wa chitsirizira wathu

Achemwali: Mwadzuka bwanji nonse. Mutu uja unamugwiranso chitsirizira wathu dzulo, kachitatu mwezi uno. Alamu, fotokozani inu amene munalipo.

Alamu: Zikomo achemwali. Anayamba ndi kuona timizere tothwanima m'maso. Patapita mphindi ngati 20, mutu unayamba kugunda mbali ya kumanzere, kenako anasanza kawiri. Tinatseka makatani, n'kuwaika kansalu konyowa pamphumi. Mwana atagwetsa supuni anachita kugwira makutu. Lero adzuka ali ofooka.

Azakhali: Mayo mwana wanga! Si BP imeneyi?

Achimwene: Azakhali, BP akayezedwe ndithu, koma zomwe anena alamuzi zikufanana ndi mutu waching'alang'ala. Umagwira maola 4 mpaka 72, ndipo munthu amadana ndi kuwala ndi phokoso. Alamu, Panado akumwa kangati?

Alamu: Pafupifupi tsiku lililonse. Sachoka m'chikwama.

Achimwene: Apa ndiye pandidetsa nkhawa. Munthu akamamwa Panado kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yopitirira 3, mankhwala omwewo amayamba kuyambitsa mutu. Iye amaona ngati matenda akukula, n'kumawonjezera mapiritsi. Akamuuze dokotala zimenezi osabisa. Alipo mankhwala oteteza kuti mutu usamabwere pafupipafupi, monga propranolol ndi amitriptyline, koma ndi dokotala amene angasankhe. Timizere tija akatchulenso, makamaka ngati akumwa mapiritsi olerera okhala ndi homoni yotchedwa estrogen, poti ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo cha sitiroko chimakwera.

Achemwali: Zimenezo ndikamba naye ndekha kumbali.

Amalume: Ndamva. Tisachedwe nazo, apite kuchipatala Lachinayi. Thiransipoti ili kwa ine.

Achimwene: Zikomo amalume. Alamu, pezani kope kuyambira lero. Muzilemba tsiku limene mutu wayamba, nthawi yomwe watenga, mapiritsi omwe amwa, ngati anagona mokwanira kapena anadumpha chakudya. Za miyezi yapitayi lembani zomwe mukukumbukira.

Azakhali: Ana ndikhala nawo ine tsikulo. Muwabweretse m'mamawa.

Achimwene: Chinanso. Mutu ukabwera mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chinthu, kapena khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi, dzanja kapena mwendo ukafooka, mawu akamatuluka movutikira, musadikire Lachinayi. Thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Alamu: Ndamva achimwene. Kope ndalipeza, ndayamba ndi za dzulo.

Achemwali: Ine ndiwaperekeza. Ndifika kwanu 7 koloko.