Kodi munda wa zomera umapulumutsa bwanji mtengo womwe ukutha?

Wachidwi: Akuluakulu, munda wa zomera wa ku Zomba uja ntchito yake ndi yotani, kupatula kujambulitsirako zithunzi za ukwati? Mtengo ukatsala pang'ono kutha amausunga bwanji?

Wankhalango: Achimwene, mundawu unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, yemwenso dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Chachikulu m'munda wotere ndi kaundula: mtengo uliwonse umakhala ndi nambala yonena kumene mbewu yake inatoledwa ndi tsiku lake. Popanda nambalayo, imeneyo ndi paki chabe. Potola mbewu musadalire mtengo umodzi, funani 50 ngati ilipo, ndipo musatenge zopitirira gawo limodzi mwa magawo 5 a mbewu zokhwima, zina zimere pomwepo.

Mayi wa nazale: Ndiwonjezereko bambo. Mbewu zimayamba zaumitsidwa pamalo ozizira, osati padzuwa, kenaka zimatsekeredwa m'mabotolo osalowa mpweya nkuikidwa mu firiji pa madigiri 20 pansi pa ziro. Mukaziika zili ndi chinyezi, madziwo amaundana nkupha kamwana ka mkati. Koma masuku, mango ndi mapeyala sizilola kuumitsidwa, zimafa. Zoterezi zimafesedwa msanga, mtengowo nkusungidwa wamoyo m'munda.

Mphunzitsi: Ophunzira amaonetsedwanso kasungidwe ka zomera zouma. Kanthambi kokhala ndi maluwa kapena zipatso kamapanikizidwa pakati pa nyuzipepala, mapepalawo nkumasinthidwa tsiku lililonse. Mukazengereza kamachita nkhungu.