Mawebusayiti sakutseguka pomwe ping ikuyankha

Muli bwanji akuluakulu nonse pagulu pano? Ndithandizeni nzeru. Kuno ku Bangula tili ndi makompyuta 4 a Windows olumikizidwa pa rauta (kachipangizo kogawa intaneti) ya 4G. Dzuwa likafika paliwombo, mawebusayiti amasiya kutseguka, maimelo n'kumangounjikana mu Outbox. Chodabwitsa n'chakuti ping 8.8.8.8 (lamulo loyesa ngati kompyuta ikufikira adiresi ya manambala imeneyi pa intaneti) imayankha bwinobwino, koma ndikalemba dzina la webusayiti imakana, ndiye ndikukayikira DNS, yomwe imamasulira dzina la webusayiti kukhala adiresi ya manambala.

Bandulo ilimo. Ndazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndapanga ipconfig /flushdns (lamulo lofufuta maadiresi amene kompyuta yasunga), osathandiza. Kompyuta imene ndaiikira DNS ina ya 1.1.1.1 pamanja ndi yokhayo ikuyenda. Rautayo imatentha zosagwirika, poti denga n'lamalata.

Kodi kutentha kungalepheretse DNS yokha, zina n'kumagwirabe ntchito? Ndisinthe DNS mu DHCP ya rautayo (gawo logawira makompyuta maadiresi), kapena ndingogula rauta ina?